Malata amene sitinagule

Bismillahir Rahmanir Raheem.

 Allah atilandire swaumu yathu ndi kuimirira kwathu kwa usiku.

Dzulo madzulo tili pa mkeka, tende ndi phala zili patsogolo, tikudikira adhana ya Maghrib, mvula inayamba. Mwana wanga wamkazi sanadikire kuti ndimutume. Ananyamuka, natenga beseni lochapira n'kukaliika pakona paja pamene pamadontha chaka ndi chaka. Madontho atayamba kulira m'besenimo, mzime wanga anatukula mutu n'kunena kuti, "Amayi, mvula ngati ya ku Joni ija, tsiku lija Ababa anandibisa m'jekete." Ine ndinangoyang'ana kudenga. Denga limenelo bwenzi titalisiya kale, tikugona m'nyumba yatsopano, chikhala kuti ndalama ya malata sinathere pa ulendo.

Ndaganiza zolemba nkhaniyi chifukwa Eid ikuyandikira, ndipo kumadrasa amayi anzanga ayamba kale kufunsana kuti ana tikawasangalatsire kuti, ndi ndalama iti. Ena amaona ngati kutengera ana kokasewera ndi kuononga chuma. Ena amalowa m'ngongole kuti angooneka pa zithunzi. Ine ndinali m'gulu loyambalo, ndipo ndinali wouma mtima ndithu pa nkhani imeneyi. Ndiloleni ndikuuzeni chimene chinandifewetsa, komanso mtengo umene ndinalipira, pakuti sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinali zokoma.

Ndimaphunzitsa pa madrasa kuno ku Mangochi. Ana amabwera masana akaweruka kupulayimale, ndipo ndimakhala nawo mpaka Asr itadutsa, ena pa alifu ndi bee, ena pa Juzu Amma. Kunyumba ndili ndi ana atatu: wamkazi amene panthawi ya ulendowu anali ndi zaka 12, wamwamuna wa zaka 9, ndi mzime wa zaka 4. Bambo awo amagwira ntchito m'shopu ina ku Fordsburg, mu mzinda wa Johannesburg, ndipo amagona ku Mayfair m'chipinda chalendi. Anachoka ndili ndi pakati pa mzimeyu. M'zaka zonsezo anabwera kawiri kokha, chifukwa ulendo uliwonse umadya ndalama ya njerwa ndi simenti. Mwanayu ankawadziwa bambo ake ngati nkhope ya mufoni, imene imaoneka Lachisanu madzulo n'kuzima bandulo ikatha. Ulendo wachiwiri umene anabwera, mwana anabisala kumbuyo kwa chitenje changa masiku atatu, kenako anandinong'oneza kuti, "Alendowa apita liti?" Bambo ake anamva. Sananene kanthu, koma usiku umenewo nsima anangoilawa.

Kwathu kuno kupita ku Joni si nkhani yachilendo. Agogo anga anapita m'nthawi ya Wenela. Dzina limene timatchulira depoti ya mabasi ku Blantyre lija linachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, la Witwatersrand Native Labour Association. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene makolo athu amalitchula kuti Theba, mpaka 1988. Bambo anga anapita m'zaka zomalizazo. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete awiri olemera, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka Allah anawatenga. Choncho agogo anga aakazi anadikira, mayi anga anadikira, ine ndikudikira. Amayi atatu m'banja limodzi, Joni akutilera ndi kutilanda nthawi imodzi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atapondako.

Maganizo oti tipite anachokera kwa bambo a ana. Anati m'malo moti iwo abwere pa tchuthi cha December, ife tipite, ana akaone kumene bambo awo amakhala, ndipo tsiku limodzi akawatengere ku Gold Reef City, malo a masewera amene ankangowaonera patali akamadutsa pa msewu wa M1. Ndinakana. Nyumba yathu yatsopano inali itafika pa lintala, ikungodikira denga, ndipo ndalama yanga ya chipereganyu cha aphunzitsi ndinkaisungira malata. Apongozi anga atamva anandiitana n'kundiuza mosabisa kuti, "Mayi a ana, katungwe sangakufunditseni mvula ikamagwa." Mawu awo anali oona, ndipo ndi oona mpaka lero.

Koma panali china chimene chinkandiluma mumtima. Ine ndemwe ndimaphunzitsa ana a anthu kuti Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) anapikisanapo liwiro ndi mayi Aisha (Radhiya Allahu anha) ali paulendo, kuti anawaimirira kuti aonerere anthu a ku Habasha akusewera mumzikiti tsiku la Eid, kuti anatalikitsapo sijida chifukwa mdzukulu wake anali atamukwera pamsana. Nkhani zimenezi ndimazifotokoza bwino, ana amazilemba pa mayeso n'kukhoza. Koma nditadzifunsa kuti ndi liti pamene ndinasewerapo ndi ana anga, sindinapeze yankho. Ndinaswali Istikhara, ndipo patapita sabata ndinawauza bambo awo kuti tiyambe za mapasipoti.

Kuchokera ku Blantyre kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,700. Basi imadutsa pa Mwanza kulowa Mozambique pa Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kenako kuoloka Limpopo pa Beitbridge. Pachipata chilichonse mumatsika nonse, kuima pa mzere, kudindiritsa, n'kukweranso. Amene amati mayi amapita ku tchuthi kukapuma sanayendepo ndi ana atatu. Mayi sasiya nyumba, amainyamula. M'chikwama changa munali mapasipoti anayi omangidwa ndi mphira, mandasi, nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, mankhwala a mutu, zitenje zitatu, botolo la madzi a wudhu, ndi thumba lapulasitiki la mwana wosanza. Pa Tete kunatentha moti mzime anavula malaya yekha. Pa Beitbridge tinafika usiku, iye ali mtulo pamsana panga, wamwamuna akuwodzera choimirira atagwira chitenje changa.

Chimene chinandisangalatsa panjira ndi choti ana anga anaona ndi maso zimene ankangoziloweza m'kalasi. Tinafupikitsa swala za marakaa anayi kukhala awiri, tinaphatikiza Dhuhr ndi Asr pamene basi inaima, ndipo wamkazi uja anati, "Kani Amayi zimenezi zimachitikadi?" Titafika ndinawafotokozeranso kuti poti tatsimikiza kukhala masabata atatu, kupyola masiku anayi amene ma Shehe athu a madh-hab a Shafi'i amatchula, ulendo watha ndipo tibwerera ku swala zokwanira. Phunziro limenelo silinachokenso m'mitu mwawo.

Bambo awo anatichingamira ku Park Station. Akuluakulu awiri aja anawathamangira. Mzime anandigwira mwendo n'kutembenuzira nkhope kumbali. Chipinda cha ku Mayfair chinali chaching'ono kuposa khitchini yathu: bedi limodzi, mbaula yamagetsi ya mbale ziwiri, chingwe cha zovala, ndi chithunzi cha ana chomatidwa pakhoma pafupi ndi kalendala ya nthawi za swala. Apa m'pamene ndinaona koyamba kumene kumachokera ndalama imene ndinkailandira pafoni, nthawi zina n'kumadandaula kuti yachepa. Sabata yoyamba inali yolemera. Iwo ankachoka m'mawa kukacha n'kubwera dzuwa litapendeka, masiku 6 pa sabata. Ine ndinkaphika, kuchapa ndi kuletsa ana kusokosera eni nyumba, ntchito yomwe ija ya ku Mangochi koma m'malo opanikizika. Mzime akapatsidwa switi ndi bambo ake ankalandira ndi manja awiri mwaulemu, monga amachitira kwa mlendo, n'kubwera kudzadyera pa ine.

Tsiku la ku Gold Reef City litakwana, ndinadzuka ndisanamve adhana ya Fajr. Nditamva mtengo wa matikiti athu asanu, mutu wanga unausandutsa malata nthawi yomweyo, ndipo ndinatsimikiza kuti palibe randi imene ipite pachabe. Ndinatenga pepala n'kulemba ndondomeko ngati ya kumadrasa: nthawi yakuti tikhale pakuti, nthawi yakuti tikwere chakuti, kupuma mphindi 15. Pamkono pa mwana aliyense ndinalembapo nambala ya foni ya bambo awo ndi bolopeni.

Kwa amene simunafikeko, malowa ali kumwera kwa mzinda, ndipo anamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa dzenje lotchedwa Shaft 14. Golide anapezeka m'dera limeneli mu 1886, ndipo m'pamene Johannesburg anayambira. M'katimo anamanga misewu ndi nyumba zofanizira tauni ya nthawi imeneyo, ndipo pakati pa nyumbazo m'pamene pali makatungwe a mitundumitundu. Pali Anaconda, sitima yolendewera kunsi kwa njanji, imene imakuzondotsa miyendo ili lende m'malere. Pali Tower of Terror, imene imakukweza pansanja ya mgodi n'kukugwetsa chamutu kulowa m'dzenje. Pali gudumu lalikulu loyenda pang'onopang'ono, timagalimoto togundana, ndi mahatchi ozungulira a ana aang'ono. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, komanso nyumba yaikulu ya njuga. Mwana wanga wamwamuna ataona kukongola kwa nyumbayo anafunsa ngati tilowenso mmenemo. Bambo ake anamuyankha kuti chipata chathu ndi china, ndipo anamufotokozera chifukwa chake m'mawu ochepa, mosakalipa. Ndinaona kuti yankho lawo linalowa bwino kuposa mmene likanalowera langa.

Maola awiri oyamba ndinawaononga ndine. Ndinkayenda patsogolo pepala lili m'manja, ndikuwakusa ana ngati mbuzi. Mzime akafuna kubwereza mahatchi, ndinkati nthawi yatha. Wamkazi akaima kuonerera anyamata ovina atavala majombo a mumgodi, akuwomba manja pa majombowo, ndinkamukoka. Kenako tinafika pa Anaconda, imene wamwamuna uja anakhala akuilota kuyambira ku Mangochi. Pakhomo pali muyeso wa msinkhu, ndipo amene sanafike pa mzerewo sakwera, chifukwa zomangira sizingamugwire bwino. Mwana wanga anaperewera zala ziwiri. Anayesa kunyanyamphira, anayesa kukweza chibwano, koma ayi. Analira kulira kwenikweni, kwa mwana amene wayenda maiko atatu kudzaima pa mzere umenewo. Ine m'malo momutonthoza ndinamuuza kuti asiye kutichititsa manyazi, tachedwa kale.

Bambo ake anagwada pansi, namukumbatira mpaka kulira kunachepa. Atadzuka anandiyandikira n'kundiuza chapansipansi kuti ana asamve, "Mayi a ana, pano si pa madrasa. Pepalalo liikeni m'chikwama." Ndinapsa mtima. Ndinkafuna kuwayankha kuti n'kosavuta kukhala kholo lokoma tsiku limodzi, pamene ine ndakhala kholo lokalipa zaka zinayi ndekha, ndikudzuka usiku ndi malungo a ana, ndikuthamangitsana ndi fizi ndi yunifolomu. Mawuwo anafika pakhosi koma sindinawatulutse. Tinapeza kakona kabata, tinayala chitenje, foni inatilozera kibla chakumpoto mopendekera pang'ono kum'mawa, ndipo tinaswali Dhuhr phokoso la anthu okuwa lili pamwamba pathu. Nditapereka salaam mtima unali utatsikako. Pepala lija ndinalipinda n'kuliika pansi pa mapasipoti.

Masana tinapita kukaona mgodi. Alendo amapatsidwa chipewa cholimba ndi nyali, n'kutsika ndi chikepe kulowa pansi. Kunsiko si kwa ana aang'ono, choncho wina anayenera kutsala ndi mzime. Bambo ake anati, "Pitani inu, ndi bambo anu amene ankagwira ntchito imeneyi." Mwana atamva kuti ndimusiya anayamba kulira, akutambasulira manja kwa ine. Aka kanali koyamba chibadwire kuti atsale yekha ndi bambo ake. Ndinatsala pang'ono kubwerera, koma mwana wanga wamkazi anandikoka dzanja.

Chikepe chitayamba kutsika, kuwala kwa dzuwa kunachepa mpaka kuzimiririka. Kunsi kunali chinyezi ndi fungo la miyala yonyowa. Wotitsogolera anationetsa njira zopapatiza, mitengo yochirikiza denga, ndi makina obowolera mwala, natifotokozera za phokoso, fumbi ndi kutentha kwa m'malo akuya kwenikweni, kumene alendo safikako. Ife tinangotsika pang'ono chabe, koma ndinamva kulemera kwa dziko lonse pamwamba pa mutu wanga. Bambo anga sankakamba za kumgodi. Tikawafunsa ankangoti, "Kunali ntchito." Ndinaima mumdimamo n'kukumbukira bulangete lija limene tinkafunda anayi, ndi chifuwa chija chimene chinkatidzutsa usiku, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ziwirizo zinachokera malo amodzi. Fumbi la mwala wa golide limawononga mapapo, ndipo mu 2018 makampani a migodi angapo anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni kwa ogwira ntchito amene anadwala matenda a fumbi ndi TB. Bambo anga anali atapita kale. Ndinawapangira dua chamumtima, misozi ikutsikira m'hijaab, ndipo mwana wanga wamwamuna, yemwe uja ndinamukalipira m'mawa, anandigwira dzanja osafunsa kanthu.

Titatuluka ndinathamanga ndi maso kufunafuna mwana wolira. Sindinamupeze, chifukwa ndinkayang'ana pansi. Anali pamwamba, pamapewa a bambo ake, dzanja limodzi lili m'tsitsi lawo, lina lili ndi ayisikirimu amene ankadonthera pa kofia imene anali atawavula n'kuvala yekha. Anali atakwera mahatchi aja kanayi. Atandiona sanatsike. Anangondikuwira kuti, "Amayi, taonani, ndatalika kuposa inu!"

Apa mwana wanga wamkazi anandiuza kuti pa Anaconda sangakwere yekha, ndipo bambo ake anali atatanganidwa. Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinamanga hijaab yanga ndi mapini ena awiri, ndinalowetsa nsonga zake m'kati mwa chovala, ndinati Bismillah, n'kukhala pampando. Za mphindi zotsatirazo sindingazifotokoze mwadongosolo. Ndikudziwa kuti ndinaona thambo kunsi kwa mapazi anga, kuti ndinatchula dzina la Allah mokweza kuposa mmene ndinachitirapo pamoyo wanga, ndipo kuti sitimayo itaima ndinali ndikuseka mpaka kulephera kuimirira. Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, sindimadziwa kuti mumaseka chonchi."

Abale anga, mawu amenewo anandilasa kuposa a apongozi anga. Mwana wa zaka 12, amene ndagona naye nyumba imodzi usiku uliwonse wa moyo wake, sankadziwa kuseka kwa mayi ake. Ndinapita ku Joni ndikuganiza kuti pali kholo limodzi lotalikira ana, ndipo ndikuwatengera kwa iye. Kani tinalipo awiri. Bambo awo anatalikitsidwa ndi zipata zitatu za maiko. Ine ndinali kutali ndili m'nyumba momwemo. Ana anga ankandidziwa ngati wophika, wochapa, wodzutsa pa Fajr, wofunsa homuweki ndi sura ya lero. Zonsezo ndi udindo, ndipo sindikuzinyoza. Koma kamtengo kamene ndimalozera zilembo kumadrasa ndinali nditakatengera kunyumba mumtima mwanga, ndipo sindinkakasiya pakhomo.

Cha m'ma 4 koloko mitambo inada mwadzidzidzi, monga imachitira ku Johannesburg m'miyezi yotentha. Mphezi zinayamba, makatungwe anaimitsidwa, ndipo anthu tonse tinathamangira m'makhonde. Pa pepala langa panali zinthu zisanu zimene tinali tisanakwere. Tinakhala pakhondepo pafupifupi ola lathunthu, titapanikizana, tikudya tchipisi za m'pepala limodzi. Mzime ankaopa mabingu, ndipo bambo ake anatsegula jekete n'kumulowetsa m'kati, mutu wokha uli kunja. Anagona momwemo. Mwa zonse zimene tinalipira tsiku limenelo, ola limenelo ndi limene linali laulere, ndipo ndi limene mwanayu amalikumbukira mpaka dzulo lija.

Tsopano ndinene mbali inayo, pakuti walira mvula walira matope. Tsiku lobwerera, pa Park Station, mwana amene anabwera akubisala anakana kukwera basi. Anagwira khosi la bambo ake, ndipo tinachita kumumasula chala chimodzichimodzi akukuwa kuti, "Ababa, tiyeni!" Bambo ake anatembenuka msanga n'kupita osayang'ana m'mbuyo, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Mwanayo analira mpaka Polokwane. Titafika kunyumba anakhala masabata awiri akudzuka usiku kufunsa kuti Ababa abwera liti. Kale sankawasowa, chifukwa sankawadziwa. Ulendowu unamupatsa bambo, n'kumupatsanso kusowa bambo. Nthawi zina ndinkadzifunsa ngati sitinamulakwire. Koma ndikaganiza bwino, ndimaona kuti mwana wolirira bambo ake ali pabwino kuposa mwana wofunsa kuti alendowa apita liti.

Malata nawo anakwera mtengo. Ndalama imene ikanafolera nyumba yonse nthawi imeneyo lero singafolere ngakhale theka. Nyumba ija idakali pa lintala, udzu ukumera m'zipinda, ndipo apongozi anga akadutsapo amapukusa mutu. Sindiwatsutsa. Ndikanakhala kuti denga lathu lakale linali logwa, kapena fizi ya ana inali isanalipidwe, kapena ndalamayo inali yangongole, ulendowu ukanakhala kulakwa, ndipo sindikanalemba nkhaniyi. Tinapita ndi ndalama yathu, imene inali ndi ntchito ina yabwino, ndipo tinasankha. Kusankha kulikonse kumasiya china pambuyo.

Kwa amayi anzanga amene mukuganiza za Eid, sindikunena kuti pitani ku Joni. Ambiri a ife sitingathe, ndipo ine ndemwe sindikuona kuti ndidzapitanso posachedwa. Chimene ndinakapeza kumeneko chinalipo kale kuno. Nyanja ili pafupi, ndipo anthu amachoka ku Ulaya kudzaiona, koma ine ndinali ndisanalowemo ndi ana anga kupatula kukachapa. Eid yapitayi tinanyamula mpunga ndi chambo m'poto, tinapita kumchenga, ndipo ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo ndi zovala zanga zonse, tikuthirana madzi. Mtengo wake unali wa kabaza basi. Ngati mungakwanitse ulendo wautali, konzekerani: ndalama ikhale yosunga osati yokongola, lembani nambala ya foni pamkono pa mwana, gwirizanani malo okumanirana wina akasochera, dziwiranitu kumene mukaswalire ndi chimene mukadye, ndipo muuzeni mwana zoona zake ngati pali chimene msinkhu wake sungamulole, asakamvere pakhomo. Koma mukafika, musangokhala wosunga zikwama ndi wojambula zithunzi. Kwerani nawo. Nyowani nawo. Ana adzaiwala dzina la katungwe, koma sadzaiwala nkhope imene munali nayo.

M'Ramadan muno ntchito ya mayi imachuluka. Timadzuka oyamba kukonza daku, timagona omaliza titatsuka mbale za futari, ndipo njala ikafika masana lilime limafupika. Chaka chino ndinadziikira lamulo laling'ono: pakati pa Asr ndi Maghrib, ndikatha kuphika, ndimakhala pansi ndi ana mphindi zochepa, osafunsa sura, osafunsa homuweki. Tsiku lina timasewera bawo, tsiku lina amandiphunzitsa masewera awo amene sindiwamvetsa, ndipo amandiseka. Si masiku onse pamene ndimakwanitsa. Dzana ndinakalipa chifukwa cha kapu yosweka, ndipo ndinachita kupepesa tisanamasule.

Mwana wanga wamwamuna anajambula mzere pa chitseko, pa msinkhu umene akuukumbukira wa pakhomo la Anaconda paja. Anaudutsa miyezi ingapo yapitayo, ndipo Lachisanu lililonse amawauza bambo ake pafoni. Iwo amamuyankha kuti Insha Allah, koma denga kaye. Pa zimenezi ine ndi apongozi anga tagwirizana.

Dzulo lija adhana itamveka, tinamasula ndi tende, beseni likulira pakona. Mzime anatenga chitenje changa n'kudzifunditsa mutu wokha uli kunja, kuonetsa achemwali ake mmene Ababa anamubisira. Ndikupempha amene mwawerenga mpaka pano kuti m'ma dua anu a masiku khumi omalizawa mukumbukire abambo onse amene akumasula okha m'zipinda zalendi ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town, amayi amene akulera okha kuno kumudzi, ndi makolo athu amene anasiya mapapo awo pansi pa nthaka ya eni. Allah awakhululukire amene anatsogola, awasunge amene ali kutali, ndipo atipatse mitima yofewa pa ana athu. Pamene ndalakwitsa ndi kuchepa kwanga, ndipo Allah ndiye Mwini kudziwa konse.